Mabotolo Amene Anapsa mu Uvuni

Tsiku limene anamuuza kuti ntchito yake itha pakutha pa mwezi, Nasinki anali atavala magolovesi ofika m'zigongono, thovu la sopo lili mbee pa epuloni. A Kapitawo, amene ankayang'anira antchito onse a mu labotale, sanadikire n'komwe kuti avule. Anaima pakhomo la chipinda chotsukiramo, makiyi akulira m'thumba, n'kulankhula maso ali pa mpopi.

"Mayi, takambirana. Maselo akungoonongeka, ndipo botolo lililonse limene timasungiramo chakudya chawo limadutsa m'manja mwanu. Mumalize mwezi uno basi. Kalata ndikulemberani yabwino, kuti kwina akakulandireni."

"Ndamva, bwana," anatero Nasinki.

Atachoka, iye anatsegulanso mpopi n'kupitiriza kutsuka. Kulira kunafuna kubwera, koma ngakhale kulira kumafuna mphamvu, ndipo iye analibe. Kunali kutatsala masiku khumi ndi asanu ndi limodzi.

Inu amene mukuwerenga nkhani ino chifukwa mwatopa, ndikuuziranitu. Muno mulibe munthu amene anadzuka m'mawa wina n'kupeza mwayi utakhala pakhonde ukumudikira. Nkhani zoterozo ine zimandigwetsa ulesi, chifukwa sindinakumanepo ndi munthu woteroyo. Muno muli mayi wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, msana wopweteka, amene anthu anaiwala dzina lake lenileni chifukwa anakhalitsa pa sinki zaka khumi ndi ziwiri. Wina anamutchula Nasinki mocheza, dzinalo n'kukakamira, mpaka iye mwini anayamba kuliyankha.

Makolo ake anamwalira iye ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anamulera ndi achemwali ake, telala wa madiresi, amene anakana amuna awiri ofuna banja chifukwa onse ankati mwanayo akakhale kwina. Mayeso omaliza a ku sekondale Nasinki analemba katatu, ndipo katatu konse anagwa pa phunziro limodzimodzi, la sayansi ya zamoyo. Moyo umadziwa kuseka anthu. Munthu wogwa sayansi katatu anadzapeza ntchito m'nyumba ya sayansi, yotsuka mabotolo a anthu amene anakhoza.

Buku la phunzirolo sanalitaye. Linkakhala m'kabati ya sopo, chikuto chitafufuma ndi chinyontho, ndipo pa nthawi yopuma ankawerenga tsamba limodzi kapena awiri akumwa tiyi. Sikuti anali ndi chikonzero chilichonse. Kungoti mtima unkakana kuvomereza kuti nkhaniyo inatha.

Tsono ndikufotokozereni ntchito ya m'nyumbamo, kuti mumvetse mlandu umene anamusenzetsa.

Mkulu wa kafukufuku anali a Dokotala, mayi wa imvi zoyambira pamphumi, wosalankhulalankhula, amene ankaiwala tiyi wawo paliponse. Iwo ankaweta maselo a m'magazi otchedwa makulofeji. Maselo amenewa ndi osesa a m'thupi. Amayendayenda n'kumameza tizilombo ndi zinyalala za maselo akufa, ndipo akanunkhiza mdani amakuwa kuitana anzawo. Kukuwa kumeneko ndi kumene inu mumakumva ngati kutupa, kutentha ndi kupweteka pa bala. N'kwabwino, bola kudziwe polekera. Pa khungu la maselowa pali mapuloteni ena amene ntchito yawo ndi kunena kuti basi, zakwana, nkhondo yatha. A Dokotala ankawatchula kuti mabuleki.

Funso lawo linali limodzi: selo likakula popanda buleki ina imene iwo ankaikayikira, kodi limasanduka la mkwiyo wosatha? Kuti adziwe, ankatenga maselo aang'ono m'magazi, n'kuwalera masiku asanu ndi awiri m'madzi ofiirira okhala ndi chakudya, ena buleki ili bwinobwino, ena ataitseka ndi mankhwala. Tsiku lachisanu ndi chitatu ankayeza madziwo pa kambale ka timaenje tambirimbiri. Maselo akakhala okwiya, kaenje kankasanduka kachikasu. Akakhala pamtendere, kankatsala koyera.

Koma kwa miyezi khumi ndi umodzi timaenje tonse tinkatuluka tachikasu. A buleki achikasu, opanda buleki achikasu, ngakhale amene sanawapute ndi chilichonse achikasu. Kusiyana kunalibe, ndiye panalibe chophunzira. Kamodzi kokha, miyezi itatu m'mbuyomo, maselo osaputidwa anatuluka oyera, ndipo tsiku limenelo a Dokotala anaseka mpaka anthu a m'chipinda choyandikana anabwera kudzasuzumira. Atabwereza sabata yotsatira, chikasu chinabwerera. Anasintha mankhwala, anasintha opereka magazi, anasintha ngakhale sopo. Zitatha zonse zosintha, chala chinaloza munthu wa pa sinki.

A Kapitawo anali ndi chiganizo chawo chimene aliyense ankachidziwa pamtima. Botolo likatsukidwa linkamatidwa katepi, n'kulowa mu mphika waukulu wa nthunzi wophera tizilombo. Nthunzi ikakwana, pa tepi pankatuluka mizere yakuda. "Tepi ikada, botolo layera," ankatero iwo, ndipo anali atanena zimenezi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi popanda wowatsutsa. Ndiye ngati mphika sulakwa, wolakwa ndi wotsukayo. Tsiku labwino lija, iwo anati, ndi tsiku limodzi limene mayiyu anatsuka ndi mtima wonse.

Madzulo a tsiku la uthengawo Nasinki anafika kunyumba dzuwa lisanalowe. Achemwali ake anali pa mpando wawo wa pazenera, pafupi ndi makina osokera amene tsopano ankangofunda nsalu. Nyamakazi inali itawapinda zala ngati mizu ya mtengo, mfundo zonse zotupa ndi zotentha, moti batani la bulauzi linkawatengera nthawi yoti munthu aphike tiyi. Adokotala a kuchipatala anati ndi thupi lawo lomwe limene likudzimenya lokha osaleka. Nasinki atamva zimenezo koyamba, anaganiza za mabuleki a ku ntchito kwake, ndipo kuyambira pamenepo mabotolo ankawatsuka ngati akutsukira m'bale wake.

"Nkhope imeneyo si ya basi yochedwa," anatero achemwali. "Tanena."

"Andiuza kuti ndimalize mwezi."

Achemwali anasisita bondo ndi kuseri kwa dzanja.

"Kalata akupatsa?"

"Akuti yabwino."

"Bola pamenepo. Masinki ndi ambiri m'tauni muno, mng'ono wanga. Sunakwatiwe ndi imeneyo."

Anayesa kuseka onse awiri, koma kuseka kwake kunathera panjira.

Patapita masiku awiri, a Dokotala anakonza m'firiji yawo, monga amachitira munthu amene wagwa mphwayi. Anatumiza ku sinki beseni lodzaza mabotolo akale. Pakati pawo panali limodzi lokhala ndi timadzi tofiirira pansi, ndipo pa pepala lake panali polembedwa ndi dzanja lawo: tsiku, ndi mawu akuti "labwino lija, osataya". Analisunga miyezi itatu, ndipo tsopano anali atatopa nalo.

Nasinki anamatula pepalalo ndi chikhadabo. Paphewa pa botolo panali banga lofiirira ngati la chitsulo chositira chikapsereza nsalu. Analiyang'anitsitsa. Banga limenelo ankalidziwa, chifukwa analipanga ndi iye.

Nkhani yake inali iyi. Lachisanu lina, sabata zingapo tsiku labwino lija lisanafike, iye anaika mabotolo asanu ndi limodzi mu uvuni woumitsira. Uvuniwo nthawi zonse unkakhala wofunda chabe, koma iye pofuna kuti aume msanga anapotokola kabatani mpaka kumapeto, n'kunena mumtima kuti azimitsa pakatha mphindi makumi atatu. Mphindizo zisanakwane, mayi woyandikana nawo nyumba anaimba foni kuti achemwali agwa m'bafa ndipo akulephera kudzuka. Nasinki anathamanga atavala epuloni. Za uvuni anadzakumbuka Lolemba m'mawa, akutsegula chitseko cha chipinda chotsukiramo, pamene mpweya wotentha unamuwomba kumaso.

Uvuni unali utayaka masiku awiri ndi theka. Katoni imene inali pamwamba pake inali itafiira n'kuuma gwa, moti poigwira inathetheka m'manja. Guluu wa matepi akale anali atapserera pa mabotolo onse asanu ndi limodzi. Ndipo pakhoma, pamwamba penipeni pa uvuniwo, panali pepala la a Kapitawo la zilembo zikuluzikulu, lonena kuti wosiya uvuni woyaka achotsedwa ntchito tsiku lomwelo. Lamulolo silinali la nkhanza. Zaka zam'mbuyo moto unapsereza chipinda chathunthu m'nyumba imeneyo.

Popeza ankafika woyamba tsiku lililonse, palibe anaona. Anatsegula mazenera, katoni anakaitaya kutali, mabotolo anawadutsitsa mu mphika wa nthunzi monga mwa masiku onse, n'kuwakankhira kumbuyo kwenikweni kwa shelefu kumene dzanja la munthu silifika. Limodzi lokha linatuluka tsiku lina pamene mabotolo ena onse anali akuda ndipo a Dokotala anali pachangu.

Tsopano botolo limenelo linali m'manja mwake. Anakwera pa kampando n'kusuzumira kumbuyo kwa shelefu. Asanu aja anali pomwepo, atachita fumbi, matepi awo ali ndi mizere yakuda.

Chifukwa chake sankachidziwa. Koma buku la m'kabati ya sopo linali litamuphunzitsa chinthu chimodzi chimene mayeso sanamufunsepo bwino: zinthu ziwiri zikasiyana zotsatira, funa chimene chinasiyana pochita. Mabotolo mazanamazana anadutsa m'manja mwake mofanana, ndipo maselo anakwiya. Limodzi linapsa, ndipo maselo anakhala phee. Mwina zinangochitika. Mwina ayi.

Apa ndiye panali povuta. Akakhala chete, achoka pakutha pa mwezi ndi kalata yabwino, anthu akumunena kuti ndi waulesi. Akaulula, achoka tsiku lomwelo wopanda kalata, anthu akumunena kuti anatsala pang'ono kuotcha nyumba ndipo anabisa. Ndipo ngati banga lija silinali kanthu, adzakhala atadzipachika yekha popanda phindu.

Anaisenza nkhaniyo masiku atatu. Loweruka masana, akuwadula achemwali zikhadabo pakhonde, anaitula.

"Usayerekeze," anatero achemwali asanamalize n'komwe kumva. "Anthu ophunzira aja alephera miyezi khumi ndi umodzi, ndiye iwe ukawauze kuti yankho ndi kupusa kwako?"

"Nanga likakhaladi yankho?"

"Likakhala yankho adzakuthokoza pakamwa, kenako adzakuonetsa pepala la pakhoma lija. Ukapita kuti wopanda kalata, pa msinkhu wakowu? Ine manja ndi awa. Sindingakusokerenso ngakhale thumba la pilo."

"Achemwali, akangonditulutsa, abwera wina. Adzatsuka monga ndimatsukira ine, chikasu chidzabwera, nayenso adzamutulutsa. Kenako a Dokotala adzatseka zonse."

"Ndiye iwe ndiwe mayi wawo?"

Nasinki anatenga dzanja lawo lina. Anapitiriza kudula, chala chimodzi chimodzi, mosamala kuti asagunde mfundo zotupazo. Anali wotopa ndi kuopa, wotopa ndi kubisa, ndipo koposa zonse anali wotopa ndi kutchedwa munthu wosadziwa kanthu.

Lolemba anafika m'mawa monga mwa nthawi zonse. Anatsitsa mabotolo asanu aja, n'kuwapukuta fumbi, n'kuwaika pa thireyi pamodzi ndi lachisanu ndi chimodzi lija. Anadikira mpaka a Kapitawo atalowa mu ofesi ya a Dokotala ndi mapepala a m'mawa, chifukwa sanafune kuti nkhaniyo aifotokoze kawiri. Anagogoda ndi chigongono.

"Pepani, ndili ndi mawu."

Anafotokoza zonse ataimirira, thireyi ili m'manja: kabatani, foni, katoni, shelefu. Sanadumphe kalikonse. A Kapitawo nkhope inasintha pang'onopang'ono.

"Masiku awiri ndi theka," anatero iwo motsitsa mawu. "Mukudziwa kuti chipinda chapafupi ndi chanu muli mankhwala oyaka? Ndipo munabisa. Mayi, vulani epuloniyo. Za kalata muiwale."

Nasinki anaika thireyi patebulo n'kuyamba kumasula chingwe cha kumbuyo. 

A Dokotala anayandikira thireyi ija. Ananyamula botolo limodzi, n'kulitembenuzira kuwala kwa pazenera, n'kupalasa bangalo ndi chala.

"Kabatani munakafikitsa pati?"

"Kumapeto, a Dokotala."

"Kumapeto kwa uvuni umenewo ndi madigiri angati, a Kapitawo?"

"Mazana awiri ndi makumi asanu. Koma nkhani apa si imeneyo."

A Dokotala anakhala pansi pang'onopang'ono, anavula magalasi, n'kuphimba nkhope ndi manja onse awiri. Anakhala choncho mpaka ena awiriwo anayamba kuyang'anana. Atachotsa manja, ankaoneka ngati munthu amene wapeza kiyi m'thumba lake atagumula kale chitseko.

"Nthunzi imapha tizilombo," anatero. "Koma zikopa zake zimatsala zitamatirira pa galasi. Nthunzi siiziononga, sopo sazichotsa zonse, ndipo madzi otsukuluzira amabweretsa zina. Ife tikaona tepi yada timati mwayera, chifukwa mulibe chamoyo. Koma maselo athu safunsa ngati mdani ali moyo. Akangonunkhiza chikopa chake amayamba kukuwa. Chimene chimaononga zikopazo ndi moto wouma, wamphamvu, wa maola angapo." Anapukusa mutu. "Ndinaziphunzira zimenezi ndili mtsikana. Koma kumene ndinaphunzirako tinkagwiritsa ntchito mabotolo apulasitiki, kamodzi n'kutaya, ndiye sindinaziganizirenso."

"Zimenezo n'zongoganizira," anatero a Kapitawo. "Botolo limodzi si umboni. Koma uvuni woyaka ndi umboni, wavomera yekha."

"Zoona zonse ziwiri, a Kapitawo. Ndiye tiyese. Mayi, mangani epuloniyo. Mukhala mpaka tione zotsatira. Zikatuluka zachikasu, a Kapitawo achita zimene lamulo likunena, ndipo ine sindidzawaletsa."

Kenako anamupatsa ntchito imene sanapatsidwepo. Anamuuza kuti atenge mabotolo atatu opsa ndi atatu a masiku onse, awakulunge mapewa ndi pepala kuti banga lisaoneke, awasakanize, n'kuwalemba zilembo kuyambira A mpaka F. Chilembo chiti ndi botolo liti, alembe pa kapepala kakekake ndipo asauze munthu.

"Ngakhale ine musandiuze," anatero a Dokotala. "Ndikufunitsitsa kuti zitheke, ndipo munthu wofunitsitsa maso ake amanama."

Sabata imene inatsatira inali yaitali kuposa miyezi khumi ndi umodzi ija. Nkhani ya uvuni inali itamveka nyumba yonse. Amene ankamupatsa moni anayamba kudutsa akuyang'ana mafoni awo. Wina anamata kapepala pa uvuni kolembedwa kuti "Nasinki, wazimitsa?" ndipo iye anakasiya pomwepo, chifukwa funsolo linali loyenera. A Kapitawo ankabwera madzulo aliwonse kudzagwira uvuni ndi dzanja lawo. Nasinki tiyi ankamwera yekha, buku lili pamiyendo, osatembenuza tsamba.

Komabe ankafika woyamba. Ankatsuka botolo lililonse katatu, kutsukuluza kasanu, monga ankachitira zaka zonse. Maselo sangafulumizidwe. Amafuna masiku awo asanu ndi awiri m'kabati yofunda, kaya munthu ntchito ikutha kaya ayi. Kapepala ka zilembo kankagona m'thumba la epuloni masana, ndipo popita kunyumba ankakaika m'kachikwama ka chiphaso chake. Kunyumba achemwali anasiya kuifunsa nkhaniyo. Ankangomuyang'ana akamavula nsapato, n'kumusunthira mpando.

Tsiku lachisanu ndi chitatu, cha m'ma leveni, a Dokotala anatuma uthenga kuti abwere. Aka kanali koyamba kuti Nasinki alowe m'chipinda choyezera osanyamula beseni. A Kapitawo anali kale momwemo, manja atapinda pachifuwa. Kambale ka timaenje kanali pa pepala loyera, mizere isanu ndi umodzi, uliwonse ndi chilembo chake.

Sipanafunike makina kuti munthu aone. Mizere itatu inali yachikasu ngati pakati pa dzira, itatu inali yoyera ngati madzi.

"Oyera ndi A, D ndi E," anatero a Dokotala. "Sindikudziwa kuti ndi mabotolo ati. Tiwerengereni."

Nasinki anatulutsa kapepala kaja. Kanali katafewa ndi thukuta, ndipo ngakhale zilembozo ankazidziwa pamtima, anafuna kuti maso aone.

"A, lopsa," anawerenga. "B, la masiku onse. C, la masiku onse. D, lopsa." Apa anangopereka kapepalako kwa a Kapitawo.

A Kapitawo anakayang'ana nthawi yaitali kuposa imene zilembo zisanu ndi chimodzi zimafuna.

"E, lopsa," anamaliza iwo. Anapinda kapepalako bwinobwino n'kumubwezera. "Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikukhulupirira tepi." Anakanda kumutu. "Chenjezo lolemba mulandira, mayi. Uvuni munausiyadi, ndipo munabisa."

"Ndilandira, bwana."

"Koma pa sinki paja musachokepo. Ndipo mawa mundionetse mmene munawaikira mu uvunimo, choimika kapena chogoneka. Tilembe ndondomeko."

Palibe anakuwa, palibe anaomba m'manja. A Dokotala anangomugwira paphewa. Nasinki anabwerera kuchipinda chake, anatseka chitseko, n'kukhala pansi penipeni pa simenti, msana atatsamira kabati. Sanamve chimwemwe nthawi yomweyo. Anangomva kutopa konse kwa masiku aja kukutsika m'mapewa, ndipo analira pang'ono, mwakachetechete.

Atafika kunyumba anapeza achemwali ataviika manja m'beseni la madzi ofunda.

"Akuchotsa?"

"Ayi. Andipatsa chenjezo. Ntchito ndikupitiriza."

"Ndiye mabotolo ako aja?"

"Anali iwowo, achemwali. Onse atatu."

Achemwali anayang'ana m'beseni. Misozi inagwera m'madzimo.

"Chiyambire tsiku unandiuza lija sindinapume," anatero. "Ndimangoti, ndikanapanda kugwa m'bafa muja, mwanayu sakanasiya uvuni. Ndinakulera kuti udzaime pawekha, ndiye ndikhale ine wokugwetsa? N'chifukwa chake ndimati ukhale chete. Sikuti ndimakuona wopusa."

Nasinki anagwada, anatulutsa manja aja m'madzi, n'kuyamba kuwapukuta ndi thaulo pang'onopang'ono.

"Ndiye maselo akowo adzandichiritsa?" anafunsa achemwali, akuyesa kubweza nthabwala.

"Sindikunamizani. Mwina inu ayi. Mwina ena a m'tsogolo."

"Chabwino. Bola asadzavutike ndi mabatani ngati ine."

Zotsatira zake sizinabwere mothamanga, ndipo sindikufuna kuzikometsera. Mabotolo atayamba kuotchedwa, maselo anakhala pamtendere, ndipo kwa nthawi yoyamba a Dokotala anatha kufunsa funso lawo. Panapita chaka ndi theka kuti ayankhe kachigawo kake kokha: m'mbale zawo, maselo okula buleki ija itatsekedwa ankakwiya msanga ndipo ankachedwa kuleka. Ameneyo si mankhwala. Ndi njerwa imodzi pa nyumba imene akumanga anthu ambiri, ndipo ena mwa iwo sadzaiona itafoleredwa.

Nasinki analembetsanso mayeso aja chaka chomwecho, a Dokotala akumufunsa mafunso pa nthawi ya tiyi. Anagwa kachinayi. Anakhala sabata ziwiri osatsegula buku, kenako analitsegula. Kachisanu anakhoza, ali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi, atakhala m'chipinda cholembera pakati pa ana oti akanatha kuwabereka. Lero amavala malaya oyera ndipo maselo amawalera yekha, masiku asanu ndi awiri, mpaka tsiku loyeza. Msana ukupwetekabe. Achemwali zala sizinawongoke, koma aliyense wobwera pakhomo amamuuza kuti mng'ono wawo ndi wasayansi, ndipo wotsutsa samupatsa mpando.

Tsono inu amene mwatopa, amene mwagwa mayeso kangapo, amene mumagwira ntchito imene anthu amaiona pokhapokha yalakwika, mverani. Sindikukulonjezani kuti mawa kucha bwino. Mwina mawa lifanana ndi lero. Koma dzukani mupite, ndipo kantchito kanuko mukagwire maso ali otsegula, chifukwa pali zimene mumaziona inu nokha pamalo pamene mwaimapo. Ndipo ngati pali choonadi chimene mwachikankhira kumbuyo chifukwa cha manyazi, chitulutseni mukachinene, ngakhale mawu akunjenjemera. Mtima wanu wokhawo musautaye. Kutopa si kulephera, ndipo munthu wotopa amathanso kufika.